Mzere Wachitatu

Jekete lofiirali si langa.
Linasokedwera munthu wa mapewa ngati chitseko
amene anatsogola ine ndisanalowe bandi,
ndipo zaka makumi atatu ndi zinayi
ndakhala ndikupinda mikono yake kawiri.
Langa ndi lipenga lokha,
logula pangongole m'kanjira ka osula mkuwa ku Meerut,
lopindika kukamwa kumene kavalo wa mkwati
analipatsa chidendene chaka cha chigumula.

Ntchito yathu imayamba dzuwa likalowa.
Anyamata asenza nyali pamutu,
jenereta ikutsokomola pangolo kumbuyo,
mkwati ali neng'a pakavalo woyera,
nkhope yobisika m'maluwa,
kaya akuseka kaya akulira, adziwa yekha.
Ife khumi ndi awiri, m'mbali mwa ngalande,
tikuuzira chimwemwe cha eni ake.
Malume woledzera atizunguzira ndalama pamphuno:
bwerezani ija!
Tibwereza.
Mtunda wa mphindi khumi utidyera maola atatu.
Pachipata nyimbo ithera pomwepo.
Fungo la mpunga litipeza panja
titakhalira ng'oma, nsapato tavula,
kudikira Bambo Sehgal anyowetse chala
awerenge zathu.

Mlomo wanga uli ndi mphete yakeyake,
chipsera chouma gwa!
Malemu Shabnam ankati
ndikamwera kapu yake, tiyi amamveka mkuwa.

Koma ndinapekapo kanthu kamodzi.
Inali nyengo ya mvula, maukwati atatha,
ine ndikusoka maambulera pasiteshoni,
Rukhsar wathu thupi likuotcha usiku wachinayi.
Ndinamunyamula, ndikuyenda uku ndi uku
pakati pa zidebe zolandira madontho a denga,
ndipo kanyimbo kanatuluka m'mphuno mwanga kokha.
Mizere inayi basi.
Woyamba ukufunsa, wachiwiri ukufunsanso,
wachitatu utsika ngati munthu wouzidwa kuti abwere mawa.
Wachinayi mwana anagona.

Sindinauze munthu.
Ndinkangokalowetsa mwakuba
pakati pa nyimbo za pawailesi,
pomwe oliza ng'oma akupukuta thukuta.
Anzanga anakatola osafunsa,
monga mmene munthu atolera chimfine.

Chaka chatha ku Moradabad,
ndikudikira basi, dzino lakutsogolo likugwedera,
ndinakamva kakubwera mumsewu wa anthu ena.
Bandi yachilendo, majekete obiriwira.
Kankathamanga ngati kaba,
ndipo pamzere wachitatu, m'malo motsika,
kamnyamata kopanda ndevu kanakweza lipenga kumwamba
n'kukwera nako, n'kukwerabe,
mpaka akazi pamakonde anasiya kucheza.

Ndinamugwira mkono pachipata.
Nyimbo ija ndi ya yani?
Anayang'ana imvi zanga, kenako nsapato zanga.
Ndi yakalekale, madala. Ilibe mwini.

Mawu anafika pakhosi:
mzere wachitatu umatsika, mwanawe,
ndinalipo, denga linkadontha.
Ndinawameza.
Basi inandisiya.
Ndinakhala pabenchi mpaka tambala,
kufunafuna pomwe mwanayo walakwitsa,
osapapeza.

Masiku ano maukwati amabwereka galimoto
yodzaza masipika, wina n'kungodina batani.
Tatsala asanu ndi awiri.
Dokotala akuti dzinoli likachoka
mpweya uzithawira pampata,
lipenga lidzangokhala chokoleka pakhoma.
Rukhsar ali ndi ana atatu ku Bareilly,
sadziwa kuti anali ndi nyimbo.

Usiku uno kuli nkhungu,
mkwati ndi mwana wa wogulitsa matayala.
Ndapinda mikono ya jekete kawiri,
ndapaka mafuta a mpiru pamlomo.
Tikafika pamphambano ya msika wa nsalu,
oliza ng'oma akapumira,
ndidzakalowetsa.
Wachitatuwo ndidzaukweza ngati mwana uja,
ngati dzino lilola,
ngati mapapo akongoza.